Funso la galimoto yoyamba landiimitsa kuchonga, thandizeni msanga

Sipanala17
Aphunzitsi anzanga, ndagwira njakata. Ndikuchonga pepala la chaka choyamba la zamakaniko, malikisi akufunika kwa mkulu wa dipatimenti (HOD) mawa m'mawa. Funso 2 likuti: anapanga galimoto yoyamba ndani, chaka chiti, inkathamanga bwanji. Malikisi awiri pa yankho lililonse. Key (pepala la mayankho lochongera) ikuti Benz, 1886, 16. Basi, 16 yokhayokha, kaya ndi makilomita kaya ndi chiyani. Tsono ana alemba zosiyanasiyana: ena 16 km/h, ena 10 mph, anayi alemba Cugnot 1769, gulu lalikulu Henry Ford. Mnyamata wina walemba Benz 1885 ndipo malikisi awiri omwewa ndi amene amugwetse kapena kumuwolotsa. Funsoli sindinalembe ine. Magetsi azima, ndikuchongera tochi ya foni. Nditani?

MadalaWaGiya
Achimwene, tsatirani key. Zimene zalembedwa pamenepo ndiye yankho. Mukayamba chifundo pa funso limodzi simumaliza.

MayiFita
Madala, pa 10 mph palibe za chifundo. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.6, ndiye 10 mph ndi 16 km/h yomweyo. Mwana ameneyo wakhoza, ndipo waposa key chifukwa iye walemba unit. Amene ndingamukanize ine ndi wolemba 16 mph.

Za chaka: Karl Benz anamanga galimotoyo ku Mannheim ku Germany mu 1885, patent (chikalata cha boma chotsimikiza kuti luso ndi lake) anakalembetsa pa 29 January 1886. Mabuku ena amatenga chaka chomanga, ena chaka cha patent. Mnyamata wanuyo sananame. Ine ndikanamupatsa, n'kulemba pambali ndi cholembera chofiira chifukwa chake, kuti wodzaona pambuyo asati ndinasinza.

Sipanala17
Zikomo achemwali. Nanga anayi a Cugnot aja? Ndiwo akundiwawa mutu.

Pisitoni
Amenewo musawathamangire, ndi ana owerenga. Nicolas-Joseph Cugnot anali msilikali wa zomangamanga ku France, anapanga ngolo yoyenda ndi nthunzi mu 1769 yoti izikoka mizinga. Mawilo atatu, boyila yaikulu ili kutsogolo kwa wilo lakutsogolo. Liwiro lake cha m'ma 4 km/h, ngati munthu woyenda pansi, ndipo pakapita mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu inkaima kudikira kuti nthunzi ikwanenso. Yachiwiri yake ilipo mpaka lero ku Musée des Arts et Métiers ku Paris. Inkayenda yokha popanda hatchi, ndiye mwana akati galimoto yoyamba ndi imeneyo mumutsutsa bwanji? Vuto ndi funso. Likanati "ya injini ya petulo" nkhani yonseyi sikanakhalapo.

Koma onani ngati mayankho atatuwo akugwirizana. Cugnot, 1769, 4 km/h ndi mwana wodziwa. Cugnot, 1886, 16 ndi woloweza mosakaniza.

MadalaWaGiya
Key ikuti Benz. Cugnot palibepo. Ine ndachonga zaka zambiri kuposa ena muno. Chaka china ndinapereka malikisi pa yankho la kabyuleta lomwe linali lolondola ndithu koma losalembedwa mu key. Moderator, woona ngati tachonga bwino, anabweza mtolo wonse, ndinachonganso kuyambira pepala loyamba Loweruka ndi Lamlungu, kumaliro a malume anga ndinafika ataika kale. Mpaka lero zimandipweteka. Tsatirani key.

MayiFita
Pepani ndi zimenezo madala, koma key imalembedwa ndi munthu. Inenso ndinaonapo ina yolemba firing order (ndondomeko imene masilinda amayakira) yolakwika, ana okhoza onse akanagwa.

Achimwene a Sipanala, chenjezo langa ndi ili: musasinthe nokha mwakachetechete. Imbirani HOD usiku womwe uno, kapena tumizani uthenga kuti umboni utsale. Ndipo ngati pepala lomweli akuchonganso mphunzitsi wina wa kalasi ina, mugwirizane. Inu mukalola Cugnot iye n'kukana, ana akafananiza mapepala ndipo mlandu ugwera inu.

Kandodo_wa_Dizilo
Ine mantha anga ali pa gulu la Ford lija. Ngati ana ambiri alemba chinthu chimodzi cholakwika, wina anawaphunzitsa choncho. Fufuzani manotsi. Ford Model T inatuluka mu 1908, patatha zaka 22 kuchokera pa patent ya Benz, ndipo inkafika cha m'ma 65 mpaka 70 km/h. Ford anatchuka ndi kutsitsa mtengo, makamaka atayamba kumangira magalimoto pa lamba woyenda mu 1913. Ameneyo ndiye musapereke ngakhale theka. Koma ngati zili m'manotsi a dipatimenti yanu, konzekani, ana abwera nawo m'manja.

Pisitoni
China chimene chimandidandaulitsa pa funso lotere n'chakuti mwana amachoka ndi maganizo akuti zakale zonse zinkakwawa. Ya Benz inde, silinda imodzi ya 954 cc, mphamvu yosakwana 1 hp, injini ikuzungulira cha m'ma 400 rpm. Koma pofika April 1899 Camille Jenatzy wa ku Belgium anadutsa 100 km/h, anafika 105.88, ndipo galimoto yake inali ya mabatire. Mu 1906 Fred Marriott anapitirira 200 km/h pa mchenga wa ku Florida ndi galimoto ya Stanley ya nthunzi. Ndikawauza ana anga zimenezi amakhala chete, chifukwa amaganiza kuti galimoto yamagetsi yabwera dzulo.

Ku Britain chinkachedwetsa chinali lamulo. La 1865 linkati 4 mph kunja kwa tauni, 2 mph m'tauni, munthu azitsogola wapansi ndi mbendera yofiira. Mu January 1896 Walter Arnold anagwidwa ku Kent akuyenda 8 mph, wapolisi anamuthamangitsa pa njinga, chindapusa shilling imodzi. Musaseke liwirolo: chaka chomwecho mayi Bridget Driscoll anagundidwa n'kumwalira ku Crystal Palace ku London ndi galimoto imene inanenedwa kuti imayenda cha m'ma 4 mph. Ndimayambira pamenepo phunziro la mabuleki.

MadalaWaGiya
Zonsezo n'zokoma m'kalasi. Pa pepala, key. Mudzandikumbuka pa moderation.

MayiFita
Poti mwatchula mabuleki. Ine atsikana anga ndimawauza za Bertha Benz. August 1888 anatenga galimoto ya amuna ake osawauza, ndi ana awiri aamuna, kuchoka Mannheim kupita ku Pforzheim, makilomita oposa 100, tsiku lathunthu. Mafuta anagula pa sitolo ya mankhwala ku Wiesloch. Paipi ya mafuta itatsekeka anaitokosa ndi phini ya chipewa, mabuleki a matabwa atadyeka anapempha wosoka nsapato kuti akhomerepo chikopa. Pa zitunda anyamatawo ankatsika kukankha. Ngati ameneyo si makaniko ndiye makaniko ndani?

Kandodo_wa_Dizilo
Zokankha pa chitunda mwandikumbutsa lole ya agogo ya chimanga, yolizira handulo. Sitata inalipo koma batire linkakhala lakufa chaka chonse. Ndili mnyamata ndinagwira handulo chala chachikulu nditakulunga, injini inabweza, dzanja linatupa ngati mkate, milungu itatu osagwira sipanala. Amene muli ndi mathirakitala kapena zigayo za handulo ku workshop, chonde aphunzitseni ana: zala zonse mbali imodzi, kukoka m'mwamba, osakankhira pansi, ndipo timing (nthawi imene pulagi imayatsa moto) ikhale yobwezedwa m'mbuyo ngati ndi ya petulo. Ana a masiku ano sanaionepo, amaigwira ngati mpini wa khasu.

Pisitoni
Pa dizilo ya chigayo musaiwale decompressor, kachitsulo kotsegula valavu kuti injini ipepuke poizunguza. Ndinaona wophunzira akuisiya msanga fulayiwilo isanatenge liwiro, handulo inamuphonya chibwano pang'onong'ono.

MadalaWaGiya
A Kandodo, lole imeneyo inali Bedford? Ngati ndi J-type ndili ndi manual yake penapake, masamba a magiya okha ndi amene anadyedwa ndi chiswe.