Subbase ikukana kufika 95%, tathandizani

Tekinishani, Chikwawa: Akuluakulu zavuta kuno. Tikumanga msewu. Subbase (layer ya pansi pa base) ya gravel, 150mm, spec ikufuna itsenderedwe kufika 95% Mod AASHTO (95% ya density yaikulu imene lab inapeza). MDD (density yaikuluyo) ya ku lab 2080, OMC (chinyezi choyenera popondera) 8.5%. Sand replacement (kuyeza density pokumba dzenje n'kuthiramo mchenga) ikungotipatsa 1900, pena 1910, ndiye 91% yomweyo. Rola ya matani 12 yapondaponda koma palibe chikusintha. RE (injiniya woyang'anira ntchito) wakana kusayina pomwe matipa a base ayamba kale kutsitsa. Pansi pake ndi makande. Tikulakwitsa pati?

Wa ku lab: Proctor imeneyo (test ya ku lab yopezera MDD ndi OMC) munachita liti, ndi dothi la mbali iti ya borrow pit (pokumba gravel)? Excavator ikamatsika pansi gravel amasintha, miyala imachepa, dongo limachuluka, MDD imatsika. Mukuyeza dothi la lero ndi MDD ya dothi lina. Tengani sampulo pamsewu pomwepo mubwereze Proctor.

Foromani: Achimwene, ku Chigwa cha Shire madzi sachedwa kuuma. Bawuza ikathira m'mawa, pofika 10 koloko pamwamba pauma gwa. Thirani kupitirira OMC ndi 1 kapena 2, gireda itembenuze mpaka chinyezi chifike pansi, rola ilowe nthawi yomweyo. Finyani m'manja: likagwirana osasiya madzi pachikhatho, lili bwino. Koma musawonjeze ma pass pa gravel wouma, mungophwanya miyala ndi kusenda pamwamba.

Wa ku lab: Madziwo muwayeza ndi OMC iti? Ngati dothi lasintha, 8.5 si yake. Proctor kaye.

Injiniya wa materials: Ine nkhawa yanga ili pa makandewo. Rola imafuna polimba poti ipanikizire. Subgrade (dothi la pansi pa subbase) ikakhala yofewa mphamvu yonse imangomira pansi, ngakhale mutaponda mpaka mawa. Dutsitsani tipa yodzaza pang'onopang'ono wina akuyenda pambali pa tayala. Pakamanyung'unya, siyani vibration msanga, chifukwa imakokera madzi m'mwamba. Menyaninso DCP (chitsulo chokhomera pansi poyeza kulimba kwa dothi) kupyola subbase. Makande amalimba ngati mwala m'chilimwe, mvula ikagwa amafufuma, ndiye musakhulupirire CBR (test ya mphamvu ya dothi) ya sampulo yosaviika m'madzi masiku 4. Pakapezeka pofewa, kumbani muike selected fill (dothi labwino losankhidwa), kapena laimu, koma kuchuluka kwake kuchokere ku ICL test (yoyeza laimu amene dothi likufuna), osati kungoganizira. Laimu wochepa ndi kutaya ndalama, PI (kumata kwa dongo) imabwerera.

Mayi wa QC (woona za ubwino wa ntchito): Poyeza density rola imakhala itazima? Ikamagwira ntchito pafupi mchenga umatsendereka m'dzenje, volume imaoneka yaikulu, density n'kutsika. Dzenje lifike 150mm yonse, ndipo kadothi kalikonse kotuluka kalowe m'thumba. Mchenga mwauchita calibrate posachedwa? Wonyowa umanamiza mbali inayo, layer yofooka imapasa. Speedy (kachipangizo koyezera chinyezi) nayonso: imawerenga pa kulemera kwa dothi lonyowa, ikati 10 ndiye kuti 11.1. Tsimikizani ndi oven pa 105 mpaka 110°C.

Foromani: Bwerekani Troxler (makina oyezera density), mphindi zochepa mwadziwa.

Mayi wa QC: Troxler yopanda correlation ndi sand replacement RE sangailandire, bambo. Ndipo ili ndi radiation, imafuna laisensi ndi munthu wophunzira, siyongonyamula kumbuyo kwa pikapu.

Wa ku lab: Troxler nayo imafuna MDD yolondola. Komanso miyala yoposa 19mm munaichotsa pa Proctor, oversize correction (kukonza MDD chifukwa cha miyalayo) munapanga? 2080 imeneyo ndikuikayikira ndithu.

Injiniya wa materials: Chilichonse chimene mupeze, base asatsitsire pa layer yosasayinidwa. Imitsani matipawo lero. Nanga ma side drain alipo kale mbali imeneyo?