Mwezi wachitatu uno foni ili zii, makasitomala mukuwapeza kuti?

Kadzidzi:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndinasiya ntchito ya motion graphics (zithunzi ndi mawu oyenda a m'mavidiyo) ku studio chaka chatha kuti ndiziyendera yanga. Miyezi isanu yoyamba zinkayenda chifukwa bwana wanga wakale ankandiponyera timaganyu, ma lower third (timawu ta mayina ta m'munsi mwa vidiyo), ma logo animation, explainer (vidiyo yofotokoza chinthu) imodzi ya masekondi 90. Kenako analemba mnyamata wina wokhazikika, basi ine foni kuti zii. Reel (kavidiyo koonetsa ntchito zanga) ili pa Vimeo, ma project ali pa Behance, pa Instagram ndikuponya ma loop kawiri pa sabata. Ma like akubwera inde, koma ndikawaona onse ndi anzathu a pulogalamu ya After Effects omwewa, wolipira palibe ndi mmodzi yemwe. Maimelo ndatumiza 40, ayankha awiri, onse "tikudziwitsani". Adobe naye, mwini wake wa After Effects, sadikira kuti upeze kaye ntchito, mwezi ukatha akudula basi. Ndimapanga 2D, Cinema 4D pang'ono, Lottie (ma animation opepuka a m'ma app ndi pa webu) ndimaitha. Inu ntchito zikukupezani bwanji? Za "muziposita tsiku lililonse" chonde musandiuze, ndatopa nazo.

Mwala:
Reel yanu ndi yaitali bwanji achimwene?

Kadzidzi:
2:40

Mwala:
Vuto ndi limenelo, musafunenso kwina. Producer ali ndi ma reel ambirimbiri oti aone asanapite ku miting'i, sangakhale mphindi zitatu pa yanu. Idulidwe ifike masekondi 45, ikatalika 60. Chabwino koposa chikhale koyambirira. Dzina lanu lizungulirezungulire masekondi khumi poyamba, munthu watseka kale.

Nyerere:
Ndisanafike ku reel, maimelo 40 aja munatumiza kwa ndani? Ngati ndi ma adilesi oyamba ndi info aja, munkaponya mwala m'nyanja. Amene amawerenga kumeneko si amene amalemba anthu ntchito. Ku studio ndi ku agency amene amasunga mndandanda wa ma freelancer ndi producer, nthawi zina creative director. Mumpeze pa LinkedIn, mumulembere iyeyo, mizere inayi: ndine ndani, ndimapanga chiyani, link imodzi, ndili omasuka kuyambira tsiku lakuti. Osati mbiri ya moyo wanu.

Koma ine ntchito zanga zambiri sizichokera kumeneko. Zimachokera kwa ma editor. Editor wa Premiere, pulogalamu yolumikizira mavidiyo, amene ali ndi makasitomala ake koma akangomva kuti "tikufuna manambalawa aziyenda" thukuta lili kamukamu. Ndili nawo atatu, ndipo chaka chatha anandidyetsa ndi iwowo. Mmodzi ndinamupangira MOGRT, template ya mu Premiere, yoti azisintha yekha mayina ndi mitundu osandivutitsa, ndiye kuchokera pamenepo chilichonse chovuta amanditumizira ine. Inu munagwirapo ku studio, ndiye muli ndi ma editor, ojambula, a sound, a account amene anakuonani mukugwira. Ena anasamukira kumakampani ena. Mwawauza kuti mulipo?

Kadzidzi:
Achemwali zoona zake sindinawauze. Ndimachita manyazi, zikuoneka ngati ndikupempha, ngati zandikanika.

Nyerere:
Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Iwo akuganiza kuti muli otanganidwa, chifukwa pa Instagram mukuoneka choncho.

Gogo_Render:
Zimene anena a Nyerere ndi zoona, koma ine ndikuchenjezeni za chimene chimabwera munthu akakhala ndi njala ya ntchito, poti ndinadutsamo. Nthawi ngati imeneyi ndi imene anthu akuba amakununkhiza.

Zaka zapitazo kampani ina inandilembera, akuti tili ndi mavidiyo 12 chaka chino, koma tiyambe ndi "kayeso kakang'ono" tione ngati tikugwirizana. Kayesoko kanali masekondi 30, ndi storyboard (zojambula za ndondomeko ya vidiyo) yomwe, ndi ma styleframe (zithunzi zoonetsa mmene idzaonekere) atatu. Ndinagona pa kompyuta masiku asanu ndi limodzi. Ndinatumiza vidiyo ya H.264 yoyera bwinobwino, yopanda watermark (chidindo changa pamwamba pake), poti ndinkafuna kuoneka munthu wokhulupirira anzake. Anayamikira kwambiri, akuti tikambirana ndi abwana. Patatha mwezi ndinaipeza vidiyo yanga pa tsamba lawo, atangoika nyimbo ina. Mavidiyo 12 aja mpaka lero ndikudikira.

Ndiye lamulo langa: kuyesa kulipo, koma kolipira. Akakana, reel ndiyo yeso langa, aone imeneyo. Theka la ndalama ndisanatsegule After Effects. Ma preview onse ali ndi watermark ndi timecode. Final imatuluka ndalama yotsala ikalowa, osati akati "yatumizidwa", koma ikalowa ndaiona ndi maso anga.

Mwala:
Zonsezo nzabwino koma kuti munthu akubereni ayambe wakupezani kaye. Ndi reel ya 2:40 ngakhale wakubayo safika kumapeto.

Kambuku3D:
Haha a Mwala mwayamba.

Aise, wayesako masamba a maganyu a pa intaneti, Upwork kapena Fiverr? Sindikunena kuti ndi kumwamba. Fiverr amatenga 20% pa chilichonse, ndipo ukalemba kuti "motion graphics" chabe uli pamzere ndi anthu masauzande, ena akugulitsa ma template osintha dzina lokha. Pamenepo sungapikisane nawo pa mtengo, ufa. Koma wati Lottie umaitha. Amenewo ndi ochepa amene amaitha bwino. Ambiri amapanga zokongola mu After Effects, atadzaza ma effect ndi ma plugin, akatulutsa ndi Bodymovin, plugin yotulutsira Lottie, theka la zinthu zasowa, kapena fayilo yake ya JSON yalemera ngati vidiyo. Ma developer a ma app amalira ndi zimenezi. Iwe ukati ndimapanga ndi ma shape layer okha, ndimayesa pa iOS, pa Android ndi pa webu ndisanatumize, wasiyana kale ndi gulu. Uwafune kumene amakhala iwowo, osati kumene timakhala ife.

Chenjezo langa: ukapeza kasitomala kumeneko, akakuuza kuti tituluke tizilipirana kunja kuti tipewe kudulidwa, dziwa kuti malamulo awo amaletsa ndipo akaunti ikhoza kutsekedwa. Komanso ukangotuluka, akathawa ndi ntchito ulibe kokadandaula.

Namzeze:
Ndiwonjezere pa za akubazo. Pali ena akulemba ngati kampani yaikulu, Chingelezi chosalala, bajeti yosangalatsa, kenako akuti "brief ili mu zip iyi, password ndi iyi". Mukatsegula muli fayilo yooneka ngati PDF koma kumapeto kwake ndi .exe kapena .scr. Mnzanga wina anadina, m'mawa mwake ma akaunti ake onse anali m'manja mwa ena. Brief yeniyeni siifuna kuti muikepo pulogalamu. Muziyang'ananso adilesi imene imelo yachokera, chilembo ndi chilembo.

Ena amatumiza ndalama "yopitirira mwangozi" n'kukupemphani kuti mubweze yapamwambayo. Inu mukabweza, yawo ija imadzapezeka kuti inali yabodza.

Kadzidzi:
Ya zip ija inandipeza sabata yatha! Ndinakayikira poti sanafunse ngakhale mtengo wanga. Sindinatsegule.

A Mwala, reel ndaiyang'ananso. Vuto ndi loti ntchito zanga zabwino kwambiri ndi za ku studio kuja, ndipo ziwiri sizinatulukebe. Ndikachotsa zofooka n'kusiya zimenezo ndiye ikwana masekondi 50.

Namzeze:
Ayi ayi ayi. Zosatuluka musaike. Ine ndinachitapo, masekondi anayi okha a product imene inali isanalengezedwe, ndinkati ndani aone. Anaona. Anandiimbira usiku, mawu ake sindingawalembe pano, ndipo agency imeneyo sinandiitanenso, pamodzi ndi ina imene producer wake anali mnzake wa amene anandiimbirayo. Ma producer amadziwana ndipo amacheza. Ngati munasaina NDA, pangano losunga chinsinsi, iwerengeninso. Ngakhale zotuluka kale, funsani bwana wanu wakale mwa imelo kuti yankho likhale lolembedwa. Ndipo pansi pa chidutswa chilichonse mulembe chimene munachita inuyo. Ngati munangopanga animation, design ndi ya wina, nenani choncho. Akadzakulembani ntchito poganiza kuti design inali yanu, tsiku loyamba lomwelo mudzayaluka.

Mwala:
Ndiye pangani zanu. Muli ndi miyezi itatu yopanda ntchito, nthawi muli nayo. M'malo mwa ma loop a timipira todumphadumpha osangalatsa anzanu, pangani zidutswa zitatu zooneka ngati ntchito imene mukufuna kulipidwa. Mukufuna ma app, pangani onboarding (zoonetsa munthu akangoyamba kugwiritsa ntchito app) ya app yongopeka. Mukufuna ma explainer, tengani nkhani yovuta muifotokoze m'masekondi 20. Munthu amagula chimene wachiona. Reel ifupike, ndanena.

Nyerere:
A Mwala, palibe akutsutsa kuti ifupike. Koma reel yabwino yokhala pa Vimeo popanda woitumizira ndi chimodzimodzi chithunzi chopachika m'chipinda chokhoma. Ine ntchito yanga yaikulu chaka chatha munthuyo reel sanaione n'komwe. Editor anangomuuza kuti "uyu sachedwetsa ntchito ndipo amayankha foni", basi.

Mwala:
Mwayi umenewo. Sitimanga bizinesi pa mwayi.

Nyerere:
Zaka zisanu ndi ziwiri za mwayi?

Gogo_Render:
Musakangane, nonse mukunena zoona theka theka. Ine ndibwerere ku zimene zimachitika ntchito ikapezeka, chifukwa mwana wathuyu akapeza kasitomala woyamba adzavomera chilichonse, ndikumuona.

Lembani kuti kukonza ndi kangati. Ine ndimati kawiri pa storyboard, kawiri pa animation. Akavomereza storyboard ndi animatic (storyboard yoyenda ngati vidiyo), kusintha nkhani pambuyo pake ndi ndalama ina. Ndinapangapo explainer imene inafika version ya 17, v17, chifukwa sindinalembe zimenezi ndipo ovomereza anali anthu asanu osagwirizana, aliyense akutumiza maganizo ake payekha, wina pa imelo, wina pa WhatsApp, wina kuimba. Pa v14 anandiuza kuti tibwerere ku mtundu wa buluu wa pa v3. Kuyambira pamenepo ndimafuna munthu mmodzi wondipatsa ndemanga zonse pamodzi, pa Frame.io kapena pa pepala limodzi, sindisamala, bola zikhale pamalo amodzi.

Funsaninso msanga kuti akufuna ma size angati. Mumagwirizana 16:9, tsiku lopereka akuti "mungotipangiranso 9:16 ndi 1:1, si kungodula?" Si kungodula, mawu onse ndi layout ziyenera kukonzedwanso. Voice over, nyimbo ndi ma font, laisensi akulipira ndani? Ma project file nawo si mphatso. Akawafuna, mtengo wake ndi wapadera, chifukwa mukawapereka vidiyo yachiwiri adzapatsa mphwawo kuti angosintha mawu.

Ndipo pakhale mawu oti ntchito ikaimitsidwa pakati, zimene mwagwira kale alipira.

Kambuku3D:
Agogo mwaiwala za hold. Aise, ukayamba kulowa m'ma studio adzakuuza kuti "tikuike pa hold sabata yamawa". Hold si booking. Ndi kungoti tikhoza kukufuna. Ine ndinakana ntchito yeniyeni ya masiku khumi chifukwa cha hold ya studio ina yotchuka, Lachisanu madzulo akuti pepani kasitomala wasintha maganizo. Ndinakhala masabata awiri ndikuyang'ana denga. Wina akafuna masiku omwewo, umabwerera kwa woyamba uja n'kumuuza kuti atsimikize kapena akumasule, umupatse tsiku limodzi. Ndinachitanso zosiyana nazo, kuvomera awiri nthawi imodzi poganiza kuti mmodzi agwa. Sanagwe. Mapanga awiri avumbwitsa, ndinagwira usana kwina usiku kwina, ntchito zonse ziwiri zinatuluka zofooka.

Kadzidzi:
Zikomo nonse. Ndiye ndiyambe ndi kulembera anzanga akale, kenako reel. Funso lina: akandifunsa mtengo ndinene wa pa tsiku kapena wa ntchito yonse? Ndimaopa kutchula wokwera n'kuwathawitsa panopa pamene ndilibe kanthu.

Gogo_Render:
Ku studio ndi agency, wa pa tsiku, poti amayendetsa ntchito ndi iwo. Kwa kasitomala wachindunji, wa ntchito yonse, koma mutawerengera masiku anu mobisa, kuphatikiza ma miting'i ndi kukonza. Musatchule pa sekondi kapena pa mphindi ya vidiyo. Masekondi 10 a character akuyenda si ofanana ndi masekondi 10 a mawu akutuluka. Ndipo mukatsitsa chifukwa cha njala, kasitomala ameneyo adzakudziwani ndi mtengo womwewo mpaka kalekale, n'kuuzanso anzake. Kuli bwino kuchepetsa ntchito kusiyana ndi kuchepetsa mtengo: bajeti yachepa, ndiye masekondi achepe, kukonza kukhale kamodzi.

Mwala:
Mtengo mudzakambirana ndi ndani ngati reel sanaimalize kuonera? Ndipo nyimbo ya pa reel ikhale ya laisensi, osati yotchuka imene mukuikonda, angakuchotsereni vidiyo kapena kuitseka mawu.

Namzeze:
A Mwala tamva, masekondi 45, tilemba pakhoma.

Kambuku3D:
Poti akuluakulu muli pano, ndifunseko zina. Ndatumiza ma lower third kwa editor mu fayilo ya ProRes 4444 ndi alpha (kuti kumbuyo kwa zilembo kuzionekera), iye akuti m'mphepete mwa zilembo mukuoneka mzere wakuda akaika pa background yoyera. Kwanga zili bwinobwino.

Gogo_Render:
Munatulutsa premultiplied ndi black (m'mphepete mwasakanizidwa ndi mtundu wakuda), pulogalamu yake ikuwerenga ngati straight (yosasakanizidwa). Mu Output Module ya After Effects, pa Color, sankhani Straight mutulutsenso. Kapena iye asinthe mmene akuiwerengera, koma ma editor ena kuwauza zimenezo ndi kutaya nthawi, ingotulutsaninso.

Kambuku3D:
Ndayesa, mzere wachoka koma glow ija ikuoneka yodukaduka ndikatsegula mu player.

Gogo_Render:
Straight imaoneka choncho mu player, musadandaule nazo. Ikani pa timeline muone.

Nyerere:
A Kadzidzi, anzanu aja mwawalembera?

Mwala:
Ndaona pa Vimeo, ikadali 2:40.