Bambo akufuna brachytherapy koma mkodzo ukuwavuta kale

Namwino: Anzanga, ndithandizeni maganizo. Bambo a zaka 68 ali ndi khansa ya prostate (kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo), PSA (muyeso wa m'magazi wounikira prostate) 12, Gleason (muyeso wa ukali wa khansa) 3+4, khansa sinatuluke mu prostate. Akakamira brachytherapy, yoika timbewu towotcha khansa mkati mwa prostate, poti anamva kuti timbewuto timaikidwa tsiku limodzi basi. Koma prostate yawo ndi yaikulu, 70 cc, usiku amadzuka kanayi kukataya madzi, ndipo mkodzo umangotuluka modontha. Amamwanso warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Mawa abwera ndi mayi akunyumba, ndiwauze zotani?

Dokotala wa radiotherapy: Achemwali, timbewu ta iodine-125 timatupitsa prostate miyezi yoyambirira. Munthu woti mkodzo ukumuvuta kale akhoza kutsekeka n'kuyamba kuyenda ndi paipi. Masingano ambirimbiri oikira timbewu aja pa munthu wa warfarin sindingawakonde. Ine ndingawawotche kuchokera kunja, 60 Gy (muyeso wa mphamvu yowotchera) m'magawo 20, milungu 4. Kafukufuku wa CHHiP wa 2016 anaonetsa kuti njirayi imagwira khansa mosasiyana ndi 74 Gy m'magawo 37.

Namwino: Nanga njira ina ija yowotcha m'magawo 5 okha, a dokotala? Afunsa ndithu.

Dokotala wa radiotherapy: Kwa iwowa ayi, ingawonjezere vuto la mkodzo. Tiyeze kaye mkodzo wotsalira m'chikhodzodzo, ayambe tamsulosin, mankhwala othandiza mkodzo kutuluka bwino.

Dokotala wa matenda a mkodzo: Ndikugwirizana nazo, koma musawabisire za m'tsogolo. Kuwotcha kumafooketsa timitsempha ta m'thumbo lakumapeto, ndiye magazi amatha kuyamba kuoneka m'chimbudzi patapita miyezi, mwina chaka kapena ziwiri, munthu ataiwala kale zoti anawotchedwa. Ndi warfarin amatuluka ambiri. Akawaona abwere msanga, ndipo aliyense wowaunika m'matumbo auzidwe za radiotherapy asanadule kanyama pamalopo, chifukwa bala lake limavuta kupola. Za kuchipinda zinenedwenso mayi ali pomwepo: mphamvu imachepa pang'onopang'ono, umuna umachepa kapena kutha, ndipo jakisoni wa mahomoni wa miyezi 4 mpaka 6, woperekedwa limodzi ndi kuwotchako, amathetsa chilakolako. Akapanda kuuzidwa, mayi amaganiza kuti bambo apeza wina.

Wogwira makina a radiotherapy: Chonde aphunzitseni asanabwere kwa ife: chikhodzodzo chodzaza mofanana tsiku lililonse, thumbo lopanda chimbudzi ndi mpweya. Pa sikani timaona mpweya utakankha prostate, ndiye timawatsitsa pabedi kuti ayambirenso. Bambo oterewa kusunga mkodzo kuwavuta, choncho ayambe kuyeserera kunyumba.

Namwino: Zikomo nonse. A dokotala a radiotherapy, muwaone inuyo koyamba, ine ndikhala nawo pambuyo pake pa nkhani ya kuchipinda ndi ya madzi akumwa.