Mwana akufuna kuphunzira vayolini, ndiyambire pati muno mu Blantyre?

NaPhiri wa ku Chilomoni:
Moni nonse. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 akufuna kuphunzira vayolini kwa mphunzitsi wapadera. Kodi ndiyambe ndagula vayoliniyo, kapena ndiyambe ndapeza mphunzitsi? Nanga ndingadziwe bwanji kuti munthuyo ntchito amaidziwadi?

Bambo wa ku Namiwawa:
Mayi, yambani ndi mphunzitsi, ndipo kokagulako akakuperekezeni. Mavayolini amasiyana kukula: 4/4 ndi ya akuluakulu, kenako pali 3/4, 1/2 ndi 1/4. Wa zaka 9 kawirikawiri imamukwana 1/2 kapena 3/4. Poyesa, aiike pansi pa chibwano n'kutambasula mkono wamanzere. Chikhatho chizikuta kumutu kopiringizikako chigongono chili chopindika pang'ono. Musagule yaikulu poti akulira momwemo ngati yunifolomu ya sukulu. Phewa limapweteka, zala sizifika, mwana amagwa ulesi.

Kwa mphunzitsiyo pemphani phunziro limodzi loyesera, inu mukhalepo. Wodziwa ntchito sathamangira nyimbo. Masabata oyamba amalimbana ndi kaimidwe, kagwiridwe ka uta (ndodo ya ubweya yolizira vayolini) ndi kukoka utawo mowongoka pa nsambo zinayi zija, G, D, A ndi E, zala zisanayambe kudinikiza. Akaona dzanja lamanzere lapindika mpaka chikhatho kukhudza khosi la vayolini, amakonza pompo. Vayolini ilibe tizitsulo tapakhosi monga gitala, choncho chala chikangosuntha pang'ono, mawu aphonya. Kwa msinkhu umenewu mphindi 30 kamodzi pa sabata n'zokwana.

Wakwaya wa ku Zingwangwa:
Ndionjezere za kasamalidwe, poti nyengo yathu ino siinyengerera thabwa. Nthawi ya mvula ndi ya chiperoni zikhomo zochunira zimafufuma n'kumakakamira. Osazipotoza mwamphamvu, zimathyoka. Kokerani chikhomocho kunja pang'ono, ndiye muzungulize. Mu Okutobala zimauma n'kumabwerera zokha. Pamenepo muzikankhira mkati pochuna. Nsambo ya A ichunidwe pa 440 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), ndipo pulogalamu yochunira ya pafoni imathandiza. E ndi yopyapyala, sichedwa kuduka, ndiye muziichuna ndi kasikuluwu ka m'munsi, komanso musunge ina yapadera.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kathabwa konyamula nsambo kaja sikomata ndi guluu, kamangopanikizidwa ndi nsambozo. Mukamasula zonse pakamodzi kamagwa, ndipo kamtengo koimirira ka mkati nakonso kakhoza kugwa. Kuimikanso kameneko kumafuna mmisiri. Muzisintha nsambo imodziimodzi.

Uta watsopano sulira mpaka mutaupaka utomoni wouma wotchedwa rosin. Mwana aukunge mpaka pensulo izitha kulowa pakati pa ndodo ndi ubweya, ndipo akamaliza aziumasula. Ubweyawo osaugwira ndi zala, mafuta a m'manja amauchititsa kuterera. Fumbi loyera lotsalira pa nsambo mupukute ndi kansalu kouma. M'galimoto yoimikidwa padzuwa ndiye musaisiyemo n'komwe.

NaPhiri wa ku Chilomoni:
Zikomo kwambiri. Nanga kunyumba aziyeserera nthawi yaitali bwanji? Mwanayu sol-fa amawerenga kale kukwaya.

Bambo wa ku Namiwawa:
Mphindi 15 mpaka 20 tsiku lililonse zimaposa maola awiri Loweruka lokha. Aziima pagalasi kuti aziona ngati uta ukuyenda mowongoka pakati pa kathabwa kaja ndi thabwa lakuda lodinikizapo zala. Kulira kosokosera kumene mudzamve miyezi yoyamba kumachokera pa kudinikiza uta kwambiri kwinaku akuukoka pang'onopang'ono.

Sol-fa imuthandiza, khutu lake ndi lophunzira kale. Komabe afunika manotsi a pa mizere isanu, makamaka ngati adzafune mayeso a ABRSM (bungwe la ku Britain loyesa oimba), amene amafika Grade 8. Mufunseni mphunzitsiyo ngati amaphunzitsa zimenezo. Timatepi timene ena amamata posonyeza poika zala si toipa poyambira, koma tichotsedwe khutu likazolowera, apo ayi mwana amaimba ndi maso. Ndipo zikhadabo za kumanzere aziwenga.