Kodi zomwe amachita ku Mbenji zingatheke padoko lathu?

Nachisale wa ku Mangochi:
Ndine mayi wa geni ya nsomba, ndimayanika usipa pathandala. Dzulo m'mamawa ndinapeza anyamata awiri akukoka neti ya udzudzu m'mphepete mwa bango. Atakhuthulira m'beseni, zonse zinali kasawala, tiana ta chambo tosafika ngakhale chala changa chaching'ono. Ndinagula ndithu, sindibisa, chifukwa mwana akudikira fizi. Koma poyanika mtima unandiwawa. Mayi anga ankadula chambo chimodzi patatu, ife lero tikuyeza zidzukulu zake ndi mbale.

Ndimamva kuti ku Mbenji, chilumba cha pa nyanja ya Malawi ku Salima, nsomba zikadalipo chifukwa amatseka usodzi miyezi ina. Amene mumakudziwa, amatha bwanji? Kwathu komiti ya padoko ilipo, koma ikalanda neti Lolemba, Lachitatu mwiniwake waitenganso.

Bambo a Chisomo, Salima:
Amayi, ine ndapha utaka ku Mbenji zaka zambiri, timanyamukira pa Chikombe. Lamulo lake ndi la mfumu Makanjira, linayamba cha m'ma 1950. Mu Disembala pamachitika mwambo wotseka, aliyense amachoka pachilumba, ndipo timabwerera mu Epulo. Kukatsegulidwa, mowa, chamba ndi juga siziloledwa, amayinso safikako. Wolakwa amachotsedwa pachilumba, ndipo nkhani yake imafika kwa amfumu. Chomwe chimagwira anthu ndi chakuti wothamangitsidwayo amaona ndi maso anzake akubwera ndi mabwato odzaza utaka wonenepa. Komanso miyezi yotsekayo ndi ya dzinja, ambiri timakhala kumunda.

Mphunzitsi Wopuma:
Makomiti a m'madoko, aja timati ma BVC, anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993 chambo chitatsala pang'ono kutheratu, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 limalola anthu a m'midzi kutenga mbali posamalira nsomba. Nthawi yotseka chambo pa nyanja ya Malawi imayamba pa 1 Novembala. Chifukwa chake n'chomveka: chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana mkamwa, kenaka n'kukatisiya m'madzi osaya momwe muli bango ndi udzu. Khoka likakwekwereza pamenepo lapha mayi ndi ana omwe. Komiti yanu ilembe malamulo ake, amfumu ndi alangizi a za nsomba awavomereze, ndipo neti yolandidwa iziwotchedwa anthu akuona.

Nachisale wa ku Mangochi:
Zikomo abambo nonse. Koma Bambo a Chisomo, anyamata akwathu ambiri alibe minda, ndiye mukawauza kuti nyanja yatsekedwa amafunsa kuti tidya chiyani, ndipo ine yankho ndilibe. Chomwe ndingathe n'cha ife ogula. Pagulu lathu la banki m'khonde tilipo amayi 18, ndipo 11 timagula padoko lomwelo. Loweruka tikakumana ndikawapempha kuti tigwirizane kusiya kugula kasawala, kenaka tipite limodzi kwa amfumu pa nkhani ya bango lija, kuti pamenepo pokha pasamaponyedwe neti iliyonse.