Gulu la Chitukuko cha Kwathu ku Jali: mlatho wapita, wailesi zili duu

Mlembi: Mlatho wathu wopita kusukulu wakokoloka usiku. Koma chithunzi chikuzungulira pa Facebook chija ndi cha namondwe Freddy, cha 2023. Amene mwaponya, chotsani.

Achimwene a ku Johannesburg: Madzi ndi madzi basi, bola anthu aone.

Mlembi: Ayi achimwene. Mtolankhani akazindikira kuti chithunzi n'chakale, nkhani yonse amaitaya. Pa Freddy dziko lonse linadziwa za Chilobwe chifukwa makanema anatuluka pompopompo, makamera ali pafupi mu Blantyre momwemo. Ife a kwa Mwambo, kamera ndi foni zathuzi. Jambulani kanema foni itagona cham'mbali, mphindi imodzi, mukutchula tsiku, mudzi, a gulupu ndi T/A. Chithunzi tumizani pa WhatsApp ngati document, apo ayi chimafika chosaoneka bwino, tsiku lojambulira litafufutika. Onjezani location. Mitembo ndi nkhope za ana osajambula.

Mayi Msungichuma: Ndiye chiwerengero tinena chiti? Wina akuti nyumba zokhudzidwa ndi 40, wina 200.

Mlembi: Apo ndi pamene timagwera. Chiwerengero chichokere ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, chipite ku komiti ya dera la T/A, kenako kwa DC, n'kukafika ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mtolankhani amaimbira ku ofesi ya DC kuti atsimikize. Manambala akasemphana, nkhani yafera pomwepo. Wolankhula akhale mmodzi. Tiyambe ndi Chanco Radio, ili pafupi, kenako Zodiak ndi MBC.

Amalume a ku Matawale: Wolankhulayo ndi inu kodi? Tiyambe tamva za simenti ija.

Mayi Msungichuma: Malisiti ndinaponya muno kawiri, amalume.

Amalume a ku Matawale: Malisiti tinaona. Matumba sitinaone. Mlatho wadya simenti yonse ija ungagwe ndi mvula ya usiku umodzi?

Mlembi: Sunagwe chifukwa cha simenti. Mapaipi anatsekeka ndi zinyalala, madzi anadutsa m'mbali n'kukumba dothi kuseri kwa khoma. Zimenezo zionekenso mu kanemamo.

Achimwene a ku Johannesburg: Nambala ya Mpamba ndiike pansi pa kanemayo?

Amalume a ku Matawale: Ya ndani?

Wapampando: Abale, ana mawa awoloka bwanji?

Mayi Msungichuma: Amalume ayambe andipepesa.