Za belo ya mnyamata uja

Amalume: Odi nonse. Ndangochoka kukhoti. Belo ya mnyamata uja aifafaniza, wabwerera ku limandi. Tsiku la mlandu sanaoneke ndiye anatulutsa chikalata chomugwira, amupeza dzana pa depoti

Azakhali: Mayo ine

Amalume: Ndipo ife tinamuimirafe akuti tikafotokoze pamaso pa majisitileti chifukwa chake tisalipire chikole chija. K200,000 aliyense. Dzina langa ndi lomwe lili pa pepala paja

Chemwali BT: Amalume iye akuti anasokoneza madeti, ankayesa ndi pa 24 pomwe ndi pa 14

Amalume: Madeti a mpira sasokoneza bwanji

Achimwene ku Joni: Pepani ndinali pa ntchito. Kodi si paja amati belo ndi yaulere?

Alamu: Yaulere ndi ya kupolisi achimwene. Iyi ndi ya kukhoti, omuimira amasaina kuti akathawa alipira iwo, ndalamayo sapereka tsiku lomwelo koma ikangovuta chonchi amaitanitsa

Amalume: Mwamva? Dzina langa

Chemwali BT: Ine ndinapita dzulo kukamuona ndi kansima. Abale mwana uja wasintha masiku awiri okha, akuti muselo mwawo sagona chogona ayi amangokhala wina pakati pa miyendo ya mnzake mpaka kucha, amati pa shamba, ukafuna kutembenuka mpaka mzere onse ugwirizane. Kudya kamodzi patsiku mgaiwa ndi nandolo. Wapempha sopo ndi shuga, akuti anzake ambiri mphere zokhazokha

Azakhali: Ndiye ndi chifuwa chake chija

Alamu: Za kuthinanazi khoti linagamula kale mu 2009 pa mlandu wa Masangano kuti ndi nkhanza, koma anthu a limandi angodzazabe. Tipite ku Legal Aid Bureau akapemphenso belo, loya wolipira sitingamuthe

Msuweni: Moni banja. Amene anatenga mapoto aakulu awiri aja pa chinkhoswe abweze chonde akufunika Loweruka

Azakhali: Ali kwa amayi ako aang'ono, limodzi linabooka

Msuweni: Linabooka liti poti linapita labwinobwino

Amalume: Tikunena za munthu ali mundende inu mapoto

Chemwali BT: Osonkha mpaka pano: ine 20,000, Azakhali 15,000, Alamu 30,000. Basi. Mugulu muno tilimo anthu 23

Achimwene ku Joni: Ine month end, ma rand avuta kuno

Azakhali: Month end yomwe ija ya chiliza cha agogo?

Achimwene ku Joni: Azakhali tisayambe

Alamu: Ena akungowerenga, timizere tikuoneka ta buluu

Amalume: Ine sindinabe foni ya munthu. Ndinangosaina chifukwa mlongo wanga analira pakhomo panga, pano ali zii. Akandilanda njinga mudziwe kuti dzina langa ndi lomwe lili pa pepala

Chemwali BT: Amayi foni yawo inagwera m'madzi amalume

Amalume: Ya m'madziyo ndi imene anaikira status dzulo

*Achimwene aakulu atuluka mugulu*

Azakhali: Hmm

Chemwali BT: Tumizani pa Mpamba yanga kapena Airtel Money, muonjezere yotapira. Lolemba ndikupitanso, amene ali ndi bulangete losagwiritsa ntchito andiuze

Msuweni: Nanga poto uja